Inki yotupa ilibe mlandu, vuto lili pa moto wathu

Pa kaunjika maso okha sagula. Munthu akatola tisheti pamulu amayamba waitambasula, kenako chala chimapita chokha pa zilembo za pachifuwa. Zikakhala zotukuka, zomveka m'manja, wogulitsa amaona nkhope ya wogula ikusintha ndipo mtengo umakwera pomwepo. Tishetiyo idavalidwa kale kunja, idachapidwa kangapo konse, idapanikizidwa m'belo, idayenda panyanja ndi pamsewu, koma zilembo zake zikadali chilili. Tsono ikani pambali pake tisheti yodindidwa kuno kwathu mwezi wathawu ndi inki ya mtundu womwewo. Nthawi zambiri mudzapeza kuti yayamba kale kung'aluka, mwina chilembo chimodzi chayoyoka.

Ine ntchito yanga ndi yodinda matisheti, ndipo zimandipweteka ndikamva anthu akunena kuti inki yotupa ndi yosalimba, ndi ya tsiku limodzi, ndi yongonamizira maso. Mawuwa ndimawamva kwa akuluakulu a mipingo, kwa aphunzitsi ofuna zovala za ana otsiriza Fomu 4, ngakhalenso kwa anzanga a ntchito yomweyi amene adaiyesa n'kuisiya. Ndikukana. Inkiyo ilibe mlandu. Chimene chimatigwetsa ndi momwe timaiwotchera, komanso kusauza kasitomala zoona zake za chinthu chimene akugula.

Inki imene odinda zovala ambiri timagwiritsa ntchito ndi ya plastisol. Iyi si penti. Siuma ndi dzuwa, siuma ndi mphepo. Mutha kuisiya pa screen usiku wonse m'mawa n'kuipeza idakali yonyowa. Ndi timibulu tating'onoting'ono ta pulasitiki wa PVC tosakanizidwa m'madzi onga mafuta, ndipo timagwirana n'kukhala chinthu chimodzi pokhapokha kutentha kukafika pafupifupi madigiri 160. Kutenthako kuyenera kulowa inki yonse, kuchokera pamwamba mpaka pansi pamene yakhudzana ndi ulusi wa nsalu. Inki yotupa, imene m'ntchito muno timaitchula kuti puff, ndi plastisol yomweyo koma yothiridwa timikanda tosaoneka ndi maso tokhala ndi mpweya mkati. Timikandato tikamva moto chikopa chake chimafewa, mpweya umafutukuka, inki imadzuka.

Apa ndi pamene ambiri timanamizika. Inkiyo imayamba kudzuka isanapse. Wodinda akaona zilembo zatukuka bwino amasangalala, amachotsa tisheti pamoto, amapinda, amapereka kwa mwini wake. Aliyense amene adakazingapo mandasi pamoto waukali akudziwa chimene chimachitika: kunja kwafiira, mandasi atupa mokongola, koma ukawanyema mkati muli phala. Popeza inki yotupa imaikidwa yochindikala kuposa inki wamba, ndipo mpweya umene uli mkati mwake umatchinga kutentha, pansi pake pamachedwa kupsa. Tisheti yotere imaoneka bwino tsiku loilandira. Ikangolowa m'beseni kawiri kapena katatu imaulula.

M'mafakitale akuluakulu tisheti imadutsa mu uvuni wautali pa lamba woyenda, kutentha ndi liwiro zitayezedwa, moti tisheti yoyamba ndi yotsiriza zimapsa mofanana. Ambirife uvuni wotere tilibe. Tili ndi heat gun m'manja, ena kabokosi kopanga okha kokhala ndi mawaya a mbaula ya magetsi, ena amayesa ndi simbi. Sindikunyoza zida zimenezi, inenso ndidayambira pomwepo, ndipo ntchito yabwino imatheka nazo. Koma heat gun imawotcha pamene dzanja laima n'kusiya pamene dzanja lathamanga. Wodinda akatopa madzulo, dzanja limafulumira, ndipo matisheti otsiriza amatuluka osapsa. Kumbali inayi, ukapitirira muyeso timikanda tija timaphulika, zilembo zimene zidadzuka zimaphwa n'kukhala zokwinyika. Mpata wa pakati pa kusapsa ndi kupserera ndi wochepa pa inki yotupa kusiyana ndi inki ina iliyonse imene ndimagwira.

Mankhwala ake si odula kwenikweni. Moto wocheperako, nthawi yotalikirapo. Kachida koyezera kutentha kongolozetsa pa nsalu kamapezeka m'masitolo a zida zamagetsi, ngakhale tizikumbukira kuti kamangoona pamwamba pa inki, sikadziwa za pansi. N'chifukwa chake kuyesa ndi manja sikungalumphidwe: tisheti ikazizira, gwirani chilembo mbali zonse ziwiri n'kukoka pang'ono. Inki yopsa imatamuka pamodzi ndi nsalu n'kubwerera. Yosapsa imang'aluka, ming'aluyo n'kukhala yotseguka. Kenako chapani imodzi, osati mofatsa ayi, koma momwe idzachapidwire kumene ikupita.

Pali anzanga amene amati vuto ndi kuthima kwa magetsi. Ndikuwamvetsa, koma pa plastisol chifukwa chimenechi n'chosakwanira. Popeza inkiyi siuma yokha, magetsi akathima palibe chimene chaonongeka. Matisheti odindidwa atha kuyalidwa bwino osakhudzana n'kudikira. Chimene chimationongetsa ndi changu. Kasitomala wabwera Lachinayi madzulo, chinkhoswe ndi Loweruka, akufuna matisheti a mbumba yonse, ndipo waimirira pakhomo akuyang'ana wotchi. Pamenepo wodinda ayenera kulimba mtima n'kunena kuti, “Pepani amayi, za zilembo zotukuka sizitheka pa nthawi imeneyi, tiyeni tidinde zosalala.” Amayiwo akhumudwa tsiku limenelo, koma sadzabwera sabata yamawa atanyamula jumbo ya matisheti oyoyoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo inki yotupa imafuna kudekha komweko.

Wina afunsa kuti, ngati ndi yovuta chonchi, tivutikirenji nayo? Yankho langa lili pa zimene zachitika m'ntchito yathu zaka zaposachedwapa. Kwabwera njira ya DTF, imene chithunzi chimasindikizidwa ndi makina pa pepala la pulasitiki, n'kuthiridwa ufa womata, kenako n'kupanikizidwa pa nsalu ndi heat press. Ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe, ku Mzuzu, munthu wokhala ndi heat press ndi foni atha kukudindirani nkhope ya malemu agogo anu ya mitundu yonse pa tisheti imodzi yokha, lero lomwe. Ife a screen sitingapikisane nawo pamenepo. Mtundu uliwonse kwa ife ndi screen yakeyake, yofuna kupakidwa emulsion, kuumitsidwa mumdima, kuwalitsidwa ndi kutsukidwa. Pa chithunzi cha munthu kapena pa matisheti asanu, iwo apambana, ndipo palibe chifukwa chokanira.

Koma chimene chimatuluka m'makina awo ndi chosalala, nthawi zina chomveka ngati pepala lomatidwa pachifuwa. Chomveka ndi chala ndicho chatsala m'manja mwathu. Ndikudziwa kuti ulipo vinyl wotupa wodulidwa ndi makina, koma amafuna kusendedwa ndi kupanikizidwa tisheti imodziimodzi, ndipo oda ikafika mazana screen ndi imene imachita changu komanso imatsika mtengo. Wodinda wa screen amene akufuna kukhalabe pa ntchito zaka zikubwerazi aphunzire inki zimenezi mpaka azidziwe bwino, chifukwa zina zonse akupikisana ndi makina amene satopa.

Ndipo si puff yokha. Ilipo ya high density, imene ine ndimaikonda koposa. Iyi situpa ayi. Kutalika kwake kumachokera ku kuchindikala kwa stencil: pa screen pamamatidwa filimu yokhuthala, kawirikawiri ya mamaikiloni 200 mpaka 400, ndipo inki imadzaza dzenjelo n'kutsala itaima pa nsalu, m'mbali mwake muli mowongoka ngati modulidwa ndi lumo. Pamene puff imatuluka yozungulira ndi yofewa, iyi imatuluka yakuthwa m'ngodya. Pa baji ya sukulu kapena chizindikiro cha kampani pa golf shirt, imapereka ulemu woyandikira wa baji yopetedwa ndi ulusi, popanda kugula makina opetera amene wodinda wamng'ono sangawafikire. Sukulu zambiri za m'maboma zimene zimalephera mtengo wa baji yopeta zikadathandizika nayo. Ilipo ya suede, yotupa pang'ono chabe ndi yosawala, imene imamveka ngati chikopa chofufutidwa. Imakhala bwino pa nsalu zakuda ndi zofiirira. Ilipo ya gel, yowala ngati yanyowa. Palinso flock, pamene timadinda guluu kenako timaubweya tatifupi, tosafika ndi milimita imodzi nthawi zambiri, timaimitsidwa pa guluuyo ndi mphamvu ya magetsi. Okonda mpira achikulire akukumbukira majezi a m'ma 1980 amene zilembo zake zinali za ubweya wofewa chonchi.

Chilichonse mwa izi chili ndi malamulo ake, ndipo lamulo loyamba ndi lakuti chithunzi chikonzedwe poganizira inkiyo. Puff situpira m'mwamba mokha, imafutukukiranso m'mbali. Mabowo a mkati mwa zilembo monga a, e ndi o amatsekeka zikakhala zazing'ono. Abusa akabwera ndi mutu wa msonkhano, vesi lonse pansi pake, dzina la mpingo, tsiku ndi nambala ya foni, n'kunena kuti zonse zitukuke, ndimawauza kuti, “Abusa, titukule mawu atatu a pamwambawa basi, vesilo tilidinde losalala kuti liwerengeke.” Mtundunso umasintha: inki ikatupa imayererako, chofiira chimafooka, chobiriwira chakuda chimapepuka, choncho kasitomala aone chitsanzo chopsa, osati mtundu wa m'chitini. Mesh, nsalu ya pa screen, iyenera kukhala ya mabowo aakulu, monga 43T kapena 34T, kuti inki idutse yokwanira. Amene amasakaniza yekha mankhwala otupitsa mu plastisol ayeze ndi sikelo, pafupifupi magawo 10 mpaka 15 pa 100 malinga ndi malangizo a wopanga, osati ndi supuni ndi maso. Ukachulutsa, inki imadzuka kwambiri koma imakhala yosalimba, chikhadabo chokha chimaipala. Ndipo pa chithunzi cha mitundu ingapo puff imadindidwa pomaliza, chifukwa ikatupa msanga screen yotsatira imaipondereza.

Palinso nkhani ya nyengo yathu imene mabuku a opanga inki saiganizira. Plastisol salola mphepo kudutsa. Chithunzi chachikulu chodzaza chifuwa chonse ndi inki yochindikala chimasanduka chigamba cha pulasitiki pathupi. Ku Dedza mu Juni palibe amene angadandaule, koma muveke mwana wa sukulu tisheti yotere ku Chikwawa kapena ku Salima mu Okotobala, muone thukuta lake. Inki zotukuka zimakoma zikakhala zochepa: dzina, mzere wozungulira chithunzi, baji yaing'ono kumanzere. Pena ponse nsalu ipume.

Pa majezi a poliyesita pali msampha wina. Utoto wa nsalu yotere umasanduka mpweya ukatenthedwa, ndipo umayamba kutero kutentha kusanafike ndi pa 160 pomwe. Mpweyawo umalowa mu inki. Mukadinda zilembo zoyera pa jezi yofiira ya wokonda Bullets, mutha kuzipeza zasanduka pinki, ndipo pa yabuluu ya wokonda Wanderers zimachita buluu wotuwa. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi zina izi zimaoneka patapita masiku, jezi ili kale kwa mwini wake. Zilipo inki zopsa pa moto wocheperako, zilipo zotchinga utoto zoika pansi, zilipo za silicone zimene zimatamuka bwino pa nsalu zamasewera. Amene alibe zimenezi asavomere oda ya poliyesita wa mtundu wowala. Puff imakondana ndi thonje, ndipo thonje ndi limene ndimalimbikitsa makasitomala anga.

Glitter ndiyo sindiikonda, ndipo ndinene poyera. Imafuna mesh ya mabowo aakulu kwambiri kuti tizidutswa tonyezimirato tidutse, imadya inki, ndipo ikapanda kupsa bwino imayoyokera m'madzi ochapira. Tizidutswato ndi pulasitiki. Mayiko a European Union adaletsa kugulitsa glitter wa pulasitiki womwazika kuyambira mu Okotobala 2023 chifukwa cha tinyenyeswa ta pulasitiki tolowa m'madzi. Lamulo lawolo likunena za womwazika, osati womangika mu inki, koma kuno kumene anthu ambiri amachapira kumtsinje ndi kunyanja, wodinda amene glitter wake amayoyoka akuthira zinyalala m'madzi amene ena amamwa. Makolo amafuna glitter pa madiresi ndi matisheti a tsiku lobadwa la ana, ndipo apa ndi pamene ndimada nkhawa kwambiri. Mwana wamng'ono amaluma kolala, amapala zilembo n'kuika chala m'kamwa. Madzi amene amafewetsa plastisol wakale amakhala ndi mankhwala otchedwa phthalates, amene dziko la America lidaika malire ake mu 2008, osapitirira 0.1 peresenti m'zoseweretsa ndi m'zinthu zolerera ana aang'ono. Opanga inki odziwika monga Wilflex ndi Rutland ali ndi inki zopanda mankhwalawa, ndipo amalemba pa chitini. Koma inki yambiri imafika kwa wodinda wamng'ono itapungulidwa kale m'timabotolo topanda dzina, topanda malangizo, topanda ngakhale madigiri oyenera kuwotchera. Ogulitsa asiye mchitidwe umenewu, kapena amate pa botolo pepala lokopera za pa chitini chachikulu. A Malawi Bureau of Standards atayang'anako mbali imeneyi angathandize ana ndi odinda omwe.

Mawu ochepa pa inki yonyezimira usiku. Imakhala ndi timikanda ta galasi tobweza kuwala kwa nyali za galimoto, ndipo ndi yabwino podinda dzina la gulu kapena nambala pa mavesiti a akabaza. Koma siwala ngati lamba weniweni wosokerera, ndipo imafooka ndi kuchapa. Wodinda amene auza achimwene a kabaza kuti zilembo zokhazo ziwateteza pamsewu wa M1 usiku akusewera ndi moyo wa munthu. Lamba akhalepo, zilembo zingowonjezera.

Tsono kuchapa. Malangizo a opanga inki amalembedwa poganizira makina ochapira ndi madzi ozizira. Ife timanyika m'sopo wa ufa, timatikita ndi manja, ena amamenya pamwala kapena kupala ndi bulashi, timafinya mwamphamvu, timayanika padzuwa la masana, kenako timasita ndi simbi ya makala imene palibe amene amadziwa kutentha kwake. Simbi ikadutsa pamwamba pa plastisol imaisungunula, ndipo puff imaphwanyika osadzukanso. Inki yopsa bwino imapirira kutikita, koma palibe inki ya plastisol imene ingapirire simbi. Komabe ndi odinda angati amene amauza makasitomala awo? Mawu ake ndi ochepa: tembenuzani pochapa, osapala zilembo, yanikani chotembenuza, sitani kunsi kwake. Tikadadinda mawu amenewa m'Chichewa mkati mwa kolala, kapena kuika kapepala m'jumbo iliyonse, madandaulo ambiri akadatha. Mwini oda amene walankhula ndi wodinda kawirikawiri si amene adzachape. Adzachapa ndi mwana kapena wantchito amene sadamve kalikonse.

Za mtengo nazo tisabise. Inki zonsezi zimachokera kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chitini chilichonse chimalemera m'thumba. Inki yotukuka imadya yambiri pa tisheti imodzi, imafuna nthawi yaitali pamoto, ndipo imafuna matisheti oyesera amene sagulitsidwa. Choncho iyenera kudula kuposa yosalala. Wodinda amene akukupatsani puff pa mtengo wa inki wamba wachepetsa penapake, ndipo kawirikawiri wachepetsa pa moto. Mabungwe ndi makampani amene amaitanitsa mitengo kwa odinda atatu n'kusankha wotsikitsitsa osagwira chitsanzo m'manja ndi amene akulera ntchito yosalimbayi. Ndi ndalama zomwezo akadapeza matisheti ocheperako amene anthu akadavala chaka chonse, uthenga wawo ukuyendabe m'misika ndi m'minibasi.

Ambirife tidaphunzira ntchitoyi poyang'ana kwa wina, ndipo wina uja adaphunzira poyang'ana kwa winanso. Zolakwika zimayenda nawo m'njira yomweyo. Ndikadakonda a TEVETA, pamodzi ndi ogulitsa inki, atakonza maphunziro aafupi a odinda amene ali kale pa ntchito, osati a m'kalasi, koma a pa tebulo lodindira: kuyeza kutentha, kusankha mesh, kuyeza mankhwala pa sikelo, kusiyanitsa thonje ndi poliyesita. Ndikadakondanso odinda a m'dera limodzi atasonkherana n'kugula uvuni umodzi wa lamba, aliyense azibweretsa matisheti ake n'kulipira pang'ono, monga alimi amachitira ndi chigayo kapena pampu ya mthirira.

Kufikira zimenezo zitachitika, wogula ali ndi mphamvu imene sakuigwiritsa ntchito. Musanalipire theka la ndalama, pemphani tisheti imodzi yodindidwa pa nsalu yeniyeni imene mudzalandire, ndi inki yeniyeniyo. Ikokeni pa zilembo pamaso pa wodinda. Mufunseni dzina la inki ndi madigiri amene amawotchera. Kenako pitani nayo kunyumba, muipereke kwa amene amachapa zovala zanu popanda kumuchenjeza kalikonse kupatula za simbi, aichape kangapo m'sabata imeneyo. Tsiku lolandira oda yonse, tengani imodzi ya pansi pa mulu, osati ya pamwamba, muiyerekeze ndi chitsanzo chija.